Laputopu yotseka nayonso imafuna mpweya

Mwezi wa Okutobala ukafika, mu ofesi ya aphunzitsi pasukulu pathu mumatentha ngati mu uvuni wa njerwa. Malata alibe siling'i, ndipo ikamakwana 11 koloko aliyense amakhala akudzikupiza ndi kope. Munali m'nyengo yotere chaka chatha pomwe ndidataya malikisi a ophunzira a Fomu 3.

Sikirini ya laputopu yanga idasweka itagwa panjinga. Mtengo wa ina udandibweza, choncho ndidapeza monita yakale, n'kuilumikiza ndi waya wa VGA, n'kugula kiyibodi ndi mausi zapadera. Laputopuyo ndinkangoitseka n'kuikankhira pambali. Tsiku lina ndidaisiya pamwamba pa mulu wa makope ikufufuza mavairasi, ine n'kupita kukaphunzitsa. Pobwera ndidaipeza itafunditsidwa chitenje.

"Aphunzitsi, ndinaona kuti fumbi la chokoli likuwonongerani chipangizo, ndiye ndachifunditsa," adatero mayi wina wamkulu yemwe timaphunzitsa naye.

Chifundo chidapha nkhwali. Laputopu idali itazima yokha, kunsi kwake kukutentha ngati simbi. Malikisi omwe ndidalowetsa m'mawawo osawasunga adapita, ndipo ndidachezera usiku kuwatolanso pamapepala. Mayiwo sindidawakwiyire, chifukwa woyamba kuitsamwitsa ndidali ine ndi makope aja.

Ndikudziwa kuti sindili ndekha. Ambiri tikugwiritsa ntchito malaputopu akaunjika osweka sikirini, ena amalumikiza ku TV kapena pulojekita. Kuitseka pakokha si mlandu. Nkhani yagona pa mpweya.

Mkati mwa laputopu muli pulosesa yomwe imatentha ikamagwira ntchito. Kafani kamakoka mpweya wozizira, kawirikawiri kudzera m'timabowo ta kunsi, n'kutulutsa wotentha m'mbali kapena kumbuyo. Kutentha kwina kumatulukiranso pa kiyibodi, ndiye mukatseka, njira imodzi mwaitchinga kale. Pulosesa ikayandikira madigiri 100 imadzichepetsa liwiro yokha, n'chifukwa chake kompyuta yotentha imachita ulesi. Zikapitirira, imazima kuti isapse.

Choyamba, tembenuzani laputopu yanu muone komwe imapumira. Pali zina zomwe mpweya wotentha umatulukira pa mahinjesi, pakati pa kiyibodi ndi sikirini. Mukaona kuti potseka mabowowo akuphimbika, musalimbane nayo: isiyeni yotsekula ndithu, kenako dinani batani la Windows limodzi ndi P, musankhe Second screen only. Sikirini yake izima, chithunzi chipita ku monita.

Ngati mabowo sakuphimbika, uzani Windows kuti isamagone mukatseka. Pitani ku Control Panel, Power Options, kenako Choose what closing the lid does. Pamenepo sankhani Do nothing, koma pokhapo palembedwa Plugged in. Pa On battery siyanipo Sleep. Mukasintha ponse pawiri, tsiku lina mudzaitseka n'kuiponya m'chikwama ili moyo, ndipo idzaphikika m'menemo muli pa kabaza.

Chachiwiri ndi pokhalira. Matiresi, pilo, mkeka kapena mulu wa mapepala ndi adani. Ikani patebulo lolimba ndipo muikweze pang'ono. Simufunika kugula chokwezera chodula. Ine zitsekerero zinayi za mabotolo a pulasitiki m'makona zikundikwanira. Kumbuyo kwake musakugunditse kukhoma, ndipo isakhale pomwe dzuwa limalowera pawindo. Kampani ya Apple imalangiza kuti malaputopu ake azigwira ntchito pamalo osapyola madigiri 35. Anzathu a ku Nsanje ndi Chikwawa akudziwa kuti mulingo umenewu dzuwa la Okutobala limaudutsa mosavuta. Ntchito zolemera zisungireni m'mawa kapena madzulo.

Chachitatu ndi batire. Laputopu yotseka imakhalira pa chaja tsiku lonse, ndipo batire yodzaza 100 peresenti kwinaku ikutentha imakalamba msanga. Ma Lenovo ambiri ali ndi Conservation Mode mu pulogalamu ya Lenovo Vantage, ndipo ASUS ndi Dell alinso ndi njira yoletsa batire kudzaza mpaka pakamwa. Mukaona laputopu ikukana kutsekeka bwino kapena pomwe mumayendetsa chala patukuka, batire yatupa. Zimitsani, chotsani pamagetsi, mupite nayo kwa wokonza. Batire yotupa ikhoza kuyaka.

Nanga fumbi? Apa mayi aja sadalakwe konse. Fumbi la choko ndi la m'misewu yathuyi limaundana mkati ngati thonje n'kutseka njira ya mpweya. Mukamva fani ikulira osapuma pomwe mukungolemba kalata, nthawi yoyeretsa yakwana. Izimitseni kaye, mupukute mabowo ndi mswachi wouma. Mapulogalamu aulere monga Core Temp amakuonetsani madigiri. Ngati ikukhala pamwamba pa 90 pantchito yopepuka, ikatsekulidwe ndi wodziwa.

Ine ndi mayi aja tidagwirizana. Chitenje chilipobe, koma chimagwira ntchito tikaweruka, laputopu itazimitsidwa ndi kuzizira. Nanenso chala chidazolowera Ctrl ndi S pakangotha mayina asanu.

Tikumane sabata yamawa.