Mphunzitsi Abwelela ku Nchito Mvula Ili Pakati

Masukulu a muno m'Zambia amayamba caka cao m'mwezi wa Januwale, nthawi imene mvula ili pakati ndipo mabanja ali kalikiliki kupalila cimanga. Kwa mphunzitsi wa kumudzi, chuthi ca Disembala cimatha belu lisanalile. Iye ayenela kufika masiku angapo ana asanabwele, kuti aone ngati mphepo sinasasule denga, akutumule ciswe m'mabuku, ndi kulemba dongosolo la maphunzilo a temu yonse. Amene aphunzitsa m'cigwa ca Luangwa, ku Mambwe kapena ku Chama, adziwa kuti akacedwa adzapeza mitsinje itadzala, ndipo katundu wace adzaoloka naye ali pamutu.

Koma nchito yolemetsa mtima ndi ya kaundula. M'sabata loyamba mphunzitsi amaitana maina amodzi amodzi, ndipo ena sayankhidwa.

Kuyambila mu Januwale 2022 Boma linacotsa malipilo a sukulu, ndipo caka comweco linalemba nchito aphunzitsi oposa 30,000. Ana anaculuka m'makalasi kotelo kuti munthu wacilendo sangazindikile kuti pali wina amene wasowa. Mphunzitsi yekha ndiye adziwa. Mnyamata amene anali kutsogola pa masamu angakhale ali kudambo ndi ng'ombe za eni, monga zicitikila m'midzi ina ya ku Katete ndi ku Petauke. Mtsikana amene anali kuwelenga bwino koposa anzace angakhale atalowa m'banja pa chuthi comweco, ngakhale kuti lamulo la mu 2023 liletsa ukwati wa mwana wosafika zaka 18, ndi ukwati wa mwambo womwe.

Apa mphunzitsi wanzelu safulumila kufafaniza dzina. Akaweluka amapalasa njinga m'matope, nayamba wafika kwa a nyakwawa monga mwa ulemu, ndipo pambuyo pace amakakhala pa mphasa ndi makolo. Kumeneko amamva zifukwa zimene sizili zabodza: udzu suyembekeza munthu, nkhokwe yapepuka, mwana alibe sopo ngakhale kope. Ngati mtsikana ali ndi pakati, mphunzitsi amakumbutsa makolo kuti kuyambila mu 1997 Boma lilola mwana wotele kubwelela ku sukulu akacila. Makolo ambili akamva zimenezi amayamba kufunsa mafunso, ndipo pamenepo nkhani yayamba kuyenda.

Kulipo kaganizidwe kakuti masabata oyamba alibe kanthu, kuti ana amangosesa ndi kuchecha udzu. Kaganizidwe kameneka n'kolakwa. M'masiku amenewa ndi m'mene mwana wa Giledi 1 amaphunzila kugwila pensulo, ndipo anzace a m'makalasi apamwamba amakumbutsidwa zimene anaiwala pa chuthi. Mu 2024 matenda a kolela anacititsa kuti masukulu, amene anayenela kutsegulidwa pa 8 Januwale, atsegulidwe pa 12 Febuluwale. Masabata asanu amenewo anatayika kwa ana onse pamodzi, ndipo dziko lonse linadandaula. Mwana amene asungidwa kumunda kufikila kupalila kutatha amataya masabata onga omwewo, koma iye amataya yekha, anzace ali kupita patsogolo.

Kholo limene lili ndi bvuto liyenela kukaonana ndi mphunzitsi wamkulu m'sabata loyamba lomwelo, pamene dzina la mwana likali m'kaundula ndipo malo ace pa benchi sanakhalepo wina.