Sefa Yonyezimila Siipha Kolela

Lacisanu madzulo mamotoka ocokela ku Lusaka amakhotela kuno ku Kanakantapa, acinyamata akubwela kumapulazi a makolo ao. Kumbuyo kuli zigubu, ndipo masiku ano palinso kasefa ka madzi kogula pa Facebook, konyezimila ngati foni yatsopano. Amatunga pacitsime cosazama, kusefa, kumwa, n'kumatiuza kuti, "Onani mmene ayelela!"

Ife a pa wailesi tatopa nako kunamizana kumeneku. Tumasefa tambili totele tili ndi makala cabe mkati. Makala amacotsa fungo, amacotsanso klorini, koma tizilombo ta kolela timadutsa bwinobwino. Ndiye mukathila klorini m'cigubu n'kusefa nthawi yomweyo, mwathamangitsa mlonda asanagwile nchito, ndi ndalama zanu zomwe.

Kodi taiwala kale Januwale wa 2024, pamene Heroes Stadium inasanduka cipatala ca odwala kolela, masukulu n'kucedwa kutsegulidwa? Ambili a inu munali komweko ku Lusaka, munaona.

Mukafuna sefa ya paulendo, mufunseni wogulitsa cinthu cimodzi: kodi imatsekeleza mabakiteliya? Akayamba kukamba za kukoma kwa madzi, bwezani ndalama m'thumba. Sefa ya dongo loocha imawagwila, malinga ilibe mng'alu, ndipo pa mabampu a mseu wathu uno mng'alu sucedwa. N'cifukwa cake timati sefani coyamba, klorini pambuyo, mudikile mphindi 30 musanamwe. Klorini ikatha, mbaula ya agogo ilipo, wilitsani.