Mukapita Kumudzi pa Krisimasi, Galu Atsala ndi Ndani?

Okutobala wafika ndi dzuwa lake, ndipo m'manyumba ambili nkhani ya ulendo wa Disembala yayamba kale. Ena akusonkhanitsa ndalama ya basi yopita ku Chipata, ku Petauke kapena ku Lundazi. Ena akukonzekela ukwati, enanso kukaika mwala pamanda a makolo. Pa zonse zimene timakonza, galu timamukumbukila tili kale pageti, cikwama cili pamutu. Timaitana mwana wa aneba, kumupatsa kiyi ndi kathumba ka unga, n'kumuuza kuti, “Uzimupatsako nsima.” Basi ikanyamuka pa Intercity, kwa ife nkhani ya galu yatha.

Kwa anthu otsala m'komboni ndiye kuti nkhaniyo yangoyamba. Mwana uja amakumbukila masiku awili kapena atatu. Tsiku lacinayi amapita ku mpila, madzi a m'mbale amauma, ndipo galu amene wakhala pa cheni caka conse amalila mpaka wina amumasula, kaya ndi cifundo kaya ndi kutopa ndi phokoso. Kucokela pamenepo amadzifunila yekha cakudya kudzala ndi kuseli kwa msika, kumene amakumana ndi agalu amene palibe adziwa ngati analandilapo katemela. Mwini wake pobwela mu Januwale amapeza galu woonda, ali ndi cilonda pakhutu, n'kungoti anamenyana ndi anzake. Cilonda cotelo siciyenela kupeputsidwa, cifukwa ciwewe cimalowa pakhomo kudzela m'njila imeneyo.

N'cifukwa cake funso lakuti galu atsala ndi ndani likhudza msewu wonse, makamaka ana amene amasewela mumsewumo.

Ciwewe ndi ana athu

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati ciwewe cimapha anthu pafupifupi 59,000 caka ciliconse, ndipo ambili mwa iwo ndi a mu Africa ndi ku Asia. Pa odwala 100 alionse, pafupifupi 99 amatenga matendawa kwa galu, ndipo pafupifupi 40 pa 100 ndi ana osakwanitsa zaka 15. Cifukwa cake n'cosavuta kumva. Mwana ndi wamfupi, conco galu amamuluma kumaso, m'khosi kapena m'manja. Kacilombo ka ciwewe kamayenda m'mitsempha kupita ku ubongo, ndiye cilonda cikakhala pafupi ndi mutu, ulendo wake umakhala waufupi. Komanso mwana akalumidwa pang'ono amabisa, poopa kukwapulidwa kuti anali kuputa galu wa eni.

Matendawa amabisala. Nthawi zambili pamapita miyezi iwili kapena itatu munthu asanadwale, ngakhale kuti zingatenge mlungu umodzi cabe kapena caka cathunthu. Cilonda cimapola, banja limaiwala. Koma zizindikilo zikangoonekela, monga kuopa madzi, kusokonezeka mutu ndi kulephela kumeza, pafupifupi wodwala aliyense amamwalila. Mpata wopulumutsa munthu uli m'masiku oyambilila akangolumidwa.

Coyamba ndi kutsuka cilondaco ndi sopo ndi madzi ambili kwa mphindi 15, mukuyang'ana nkoloko, pakuti mphindi 15 n'zambili kuposa mmene timaganizila. Musaikepo mcele, tsabola, dothi kapena zitsamba. Kenako pitani ku kiliniki tsiku lomwelo, ngakhale cilondaco cioneke cacing'ono. Kumeneko funso limodzi limene mudzakumana nalo ndi lakuti: kodi galuyo analandila katemela, ndipo khadi lake lili kuti? Apa ndi pamene ulendo wa mwini galu umafika pa banja lina. Ngati iye ali ku Lundazi, foni siigwila, ndipo khadi analikhomela kucipinda, makolo a mwana wolumidwa amatsala mumdima. Nthawi zina katemela wa anthu sapezeka pa kiliniki yapafupi, ndipo banja limafunika kuyenda kapena kugula, pa mtengo woposa kutali umene mwini galu akanalipila pobayitsa ciweto cake.

Galu woluma asaphedwe mwaukali n'kutayidwa. Amangidwe, ndipo a ofesi ya zanyama adziwitsidwe, cifukwa galu amene akhalabe bwino pakapita masiku 10 amasonyeza kuti sanapatsile munthu ciwewe pa tsiku limene analuma. Koma wolumidwa asadikile masiku amenewo ali kunyumba. Tidziwenso kuti si galu aliyense waciwewe amene amacita ukali. Wina amangofooka, cibwano cili lende, dovu likutuluka, ndipo anthu amapisa dzanja m'kamwa mwake poganiza kuti fupa lamutsamwa. Amphaka naonso amatenga ciwewe ndi kupatsila anthu.

Lamulo lilipo, mfuti sizithetsa vuto

Dziko lathu lili ndi lamulo loona za agalu, Control of Dogs Act, Chaputala 247 ca malamulo a Zambia. Pansi pa lamuloli mwini galu ayenela kumulembetsa ndi kumubayitsa katemela wa ciwewe. Galu amayamba kulandila katemelayu ali ndi miyezi itatu, ndipo a zanyama amalangiza kubweleza caka ndi caka. Ambili a ife timadziwa zimenezi pokhapokha khonsolo ikalengeza kuti iyamba kuwombela agalu oyendayenda.

Anthu akalumidwa motsatizana, kulila kwa onse kumakhala kwakuti agaluwo aphedwe, ndipo mkwiyo umenewo ndi womveka. Koma akatswili a matendawa anaona kale kuti kupha agalu pakokha sikuthetsa ciwewe. Agalu ambili amene timawacha osocela ali ndi eni ake, anangowalekelela. Powombela, amene analandila katemela amafela limodzi ndi osalandila. Banja limene latayikidwa galu limapeza kagalu kena mwezi womwewo, kosabayidwa, ndipo pakapita caka msewu uli ndi agalu oculuka monga kale koma otetezedwa ocepa.

Cimene cimagwila nchito ndi katemela. Agalu 70 pa 100 alionse a m'dela akabayidwa, ndipo zimenezi zikacitika caka ndi caka, kacilombo kamasowa kolowela. Anansi athu a ku Malawi anaonetsa kuti n'zotheka ngakhale m'makomboni othithikana. Mu 2015 bungwe la Mission Rabies, mogwilizana ndi a boma, linabaya agalu oposa 35,000 mumzinda wa Blantyre m'masiku 20 a nchito, ena pamalo oikika, ena poyenda khomo ndi khomo. Maiko anagwilizana colinga cakuti pofika 2030 pasakhalenso munthu wofa ndi ciwewe cocokela kwa galu, ndipo caka cimeneco sicili patali. Tsiku lokumbukila ciwewe padziko lonse limakhala pa 28 Seputembala, tsiku limene anamwalila Louis Pasteur mu 1895, munthu amene mu 1885 anapulumutsa mnyamata wa zaka 9 ndi katemela woyamba. M'masiku amenewo a zanyama kawilikawili amabaya agalu m'madela. Amene mwaphonya mwayi umenewo, ofesi ya zanyama ya m'boma lanu siinatseke.

Kusunga galu wa eni ndi nchito

Kumayadi, monga ku Kabulonga ndi ku Woodlands, ena akamacoka amasiya agalu kumalo olipila osungilako ziweto, ena amalipila munthu woti azibwela kudzawadyetsa ndi kuwayendetsa. Ku Matero, ku Chawama kapena ku Mtendere ambili timaseka kuti kulipila munthu woyendetsa galu ndi za azungu. Tisanaseke kwambili tiyang'ane mmene kasungidwe kathu kasinthila. Kumudzi galu anali kutsatila mbuye wake kumunda ndi kosaka, ndipo madzulo anali kugona atatopa. M'tauni, poopa mbala, ambili asunga agalu akuluakulu monga Boerboel, German Shepherd ndi Rottweiler pa kabwalo kakang'ono ka mpanda wa njelwa, ena m'kabokosi usana wonse. Galu wamphamvu amene sayenda, saona anthu ndipo sadziwa wina aliyense kupatula womudyetsa, tsiku limene geti idzatsala yotsegula ndi amene adzagwetsa mwana wopita ku kantemba. Kuyenda naye tsiku ndi tsiku, ali pa cingwe, kumamuzoloweletsa anthu ndi kucepetsa ukali.

Conco kusamala galu wa munthu wina ndi nchito yeniyeni, yokhala ndi ngozi zake, ndipo acinyamata ambili amene akufunafuna pogwila angaigwile bwino. Colakwika cathu n'cakuti timaipeleka ngati kathandizo kaulele kwa mwana wa zaka 10, amene ali m'gulu lomwe lija limene ciwewe cimapha kwambili. Wosunga galu akhale wamkulu, wokhoza kumugwila akalusa, ndipo alipidwe zimene mwagwilizana musananyamuke. Abwele kangapo inu mukalipo, amudyetse pamaso panu, kuti galu amudziwe. Mumusiyile khadi la katemela m'manja, cakudya cokwanila masiku onse, nambala ya foni imene idzagwila kumene mupita, ndi kandalama kothamangila nako kwa dokotala wa ziweto. Aneba a mbali zonse adziwe amene wasiyilidwa galuyo.

Kwa acinyamata ofuna pisiweki imeneyi, musalandile galu amene khadi lake simunalione ndi maso anu, ngakhale mwini wake akhale munthu amene mumamulemekeza. Musamasule galu pamsewu pofuna kuonetsa kuti amakumvelani. Ngati nchitoyi ikhala ya tsiku ndi tsiku, funsani azaumoyo za katemela amene amapatsidwa kwa anthu ogwila nyama asanalumidwe.

Dzuwa, mvula ndi usiku wa Caka Catsopano

Miyezi itatu ikubwelayi ili ndi mavuto atatu osiyana, ndipo wosunga galu ayenela kuwadziwa onse. Loyamba ndi kutentha kwa Okutobala ndi Novembala. Galu satuluka thukuta monga munthu. Amadziziziliza mwa kupuma wefuwefu, lilime lili kunja, ndipo njila imeneyi imalephela akakhala padzuwa kapena m'kanyumba ka malata. Afunika mthunzi umene sucoka dzuwa likapendeka, ndi madzi m'cotengela colemela cimene sangacigudubuze. Kumene madzi amabwela mwa apo ndi apo, powatunga muwelengeleko ndi galu, cifukwa ludzu ndi limene limatulutsa agalu ambili m'mipanda. Kuyenda naye kukhale m'mamawa kapena dzuwa litalowa. Ikani kuseli kwa dzanja lanu pa tala: ngati simungapilile, mapazi ake naonso apsa. Galu akayamba kudzandila ndi kupuma movutika, muikeni pamthunzi, mum'thile madzi ozizilila, ndipo mupite naye kwa dokotala. Musamusiye m'galimoto yotseka ngakhale kwa kanthawi.

Laciwili limabwela ndi mvula. Udzu ukamela nkhupakupa zimaculuka, ndipo zimabweletsa matenda oononga magazi. Galu amafooka, amakana cakudya, nkhama zake zimayela, ndipo mkodzo ungade. Matendawa amacilitsika akafulumila nawo. Mankhwala ophela nkhupakupa akhale opangidwila agalu, pa mlingo wolembedwa, osati otsala kudimba kapena a mbewa. Mapilitsi athu a mutu ndi a ululu si a ziweto: ibuprofen imaononga mimba ndi impso za galu, ndipo paracetamol imapha mphaka.

Lacitatu ndi maphwando. Mafupa a nkhuku yophika amasweka n'kulasa m'matumbo, ndipo anyezi ndi chokoleti ndi poizoni kwa galu. Usiku wa pa 31 Disembala, pamene ma fireworks aphulika mbali zonse, galu amene makutu ake amamva kuposa athu amacita mantha mpaka kudula cheni kapena kulumpha mpanda. Galu wamantha amaluma ngakhale munthu amene amamudziwa. Usiku umenewo adyetsedwe msanga ndi kutsekeledwa m'cipinda kapena m'sitolo dzuwa lisanalowe, ndipo amene wasiyilidwa galu akhale pafupi.

Zimene tingacite Disembala asanafike

Akulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Galu amene tinamusunga kuti ateteze katundu wathu asakhale amene adzaliza banja la pafupi nafe. Boma lili ndi mbali yake, yoonetsetsa kuti katemela wa agalu afika m'makomboni ndi m'midzi caka ciliconse ndiponso kuti wa anthu apezeka m'makiliniki. Koma 70 pa 100 ija siingakwane ndi boma lokha, cifukwa galu aliyense amafunika munthu womugwila ndi kupita naye.

Ife amene timakumana m'magawo mlungu uliwonse timadziwana makomo. Timadziwa amene ali ndi agalu, amene adzayenda, ndi acinyamata okhulupilika amene alibe nchito. Gawo limodzi lingathe kuwelenga agalu a m'misewu yake, kupita ku ofesi ya zanyama, ndi kupempha tsiku loti abwele kudzabaya onse pamalo amodzi, kuphatikizapo a anthu amene sitipemphela nawo. Makolo auze ana kuti akalumidwa kapena kukandidwa anene msanga, ndipo sadzakwapulidwa. Inu amene mukukonza ulendo, musanagule tikiti ya basi tulutsani khadi la galu wanu muone deti la katemela wothela. Ngati papita caka, kapena ngati khadilo kulibe, yambani ndi ulendo wa ku ofesi ya zanyama mlungu uno.