Tisamangolira Lucius, tilere ena

Akonzi,

Ndiloleni malo pang'ono m'nyuzi yanu yokondedwayi kuti ndilankhule ndi makolo anzanga komanso atsogoleri a mipingo pa nkhani ya malemu Lucius Banda, amene anatisiya pa 30 Juni 2024 ku chipatala cha ku Johannesburg ali ndi zaka 53.

Ambiri timamukumbukira ndi dzina lakuti Soja, koma timaiwala kumene anachokera. Lucius anabadwa pa 17 Ogasiti 1970 m'mudzi wa Sosola ku Balaka, m'banja losauka. Luso lake linakulira ku parishi ya Katolika ya ku Balaka, mu Alleluya Band imene ankaitsogolera mkulu wake Paul Banda. Ansembe a kumeneko sanawathamangitse anyamatawo. Anawapatsa malo ndi zida zoimbira. Mmera mpoyamba.

Chimbale chake choyamba, Son of a Poor Man, chinatuluka mu 1994, chaka chimene tinasankha boma la zipani zambiri. Pa nthawiyo anthu anali asanazolowere kulankhula poyera, ndipo nyimbo ngati Mabala zinanena zimene ambiri ankangonong'onezana m'nyumba. Mu 1997 anayambitsa Zembani Band, ndipo oimba monga Billy Kaunda ndi Mlaka Maliro anadzera m'manja mwake. Zimene anamchitira ena, nayenso anachitira anzake.

Sindikunena kuti anali mngelo ayi. Atalowa ndale anapambana pa mpando wa phungu wa kumpoto kwa Balaka mu 2004, koma mu 2006 khoti linamupeza wolakwa pa nkhani ya satifiketi ya Fomu 4, nakakhala miyezi ingapo ku ndende ya Zomba. Ana athu aphunzirepo apa: luso sililowa m'malo mwa sukulu, ndipo njira yachidule imapweteketsa. Komabe munthuyo sanagwere pomwepo. Atatuluka anajambula chimbale cha Cell 51 Maximum, ndipo mu 2014 anthu a kwawo anamsankhanso kukhala phungu wawo.

Tsono funso langa nali. Kodi Lucius akanabadwira kuno ku Chonde, tikanamutani? Pa zaka zimene ndinagwira choko ndinaona ana ambiri akukwapulidwa chifukwa chokhoma banjo ya chigubu. Makolo amati kuimba nkwa anthu a mowa. Abusa ena amakhomera gitala ya mpingo m'kabati kuyambira Lolemba mpaka Loweruka, anyamata ali pa msika kusewera juga. Kenaka timadabwa kuti bwanji oimba otchuka amachokera kwina.

Komatu chigawo chathu chino si chouma. Allan Namoko wa ku Thyolo anali wosaona, koma ndi Chimvu River Jazz Band anagwedeza dziko lonse. Mwezi wa Okutobala anthu amasonkhana pano pa Chonde pa mwambo wa Mulhako wa Alhomwe, ng'oma za tchopa nkumalira tsiku lonse. Alendo akapita, ana amene amavina aja ndani amawalabadira?

Pempho langa ndi lapafupi. Abusa ndi ansembe, tsegulani zitseko za tchalitchi masana a pakati pa sabata kuti achinyamata aphunzire kuimba, pakhale mkulu wa mpingo wowayang'anira. Muwauze kuti wothawa sukulu gitala asaigwire. Aphunzitsi, phunziro la nyimbo lisakhale nthawi yotuma ana kukasesa bwalo. Akuluakulu a Mulhako, patulaniko kangachepe pa zopereka za mwambo kugulira ana a m'midzi yozungulira zida zoimbira. Makolo anzanga, mwana akayamba kung'ung'uza nyimbo, mumvetsereni kaye musanathyole mkwapulo.

Maliro tinalira ndipo nkhata zinafota kale pa manda. Ulemu umene watsala ndi wakuti mwana wa mmphawi wina apeze thandizo limene Lucius anapeza ku Balaka.

Mphunzitsi wamkulu wopuma,
Chonde, Mulanje.