Zilembo za 4x4 n'chabe, nkhani ili pa difu

Dzinja likafika, misewu yafumbi yochoka mumsewu wa M5 kupita kumadoko a asodzi m'boma la Nkhotakota imasanduka phala. Kuyambira ku Benga, Chia mpaka ku Dwangwa, sizachilendo kuona galimoto yolembedwa 4x4 itatitimira, tayala limodzi likungozungulira pomwe linzake lili duu, chambo chikuonongeka m'mabasiketi.

Eni galimoto amafulumira kuloza chala dalaivala kapena injini. Chonsecho nthawi zambiri vuto limakhala pa difu, chipangizo chimene chimagawa mphamvu ya injini ku matayala awiri.

Ntchito ya difu n'kulola tayala lakunja kuzungulira mofulumira kuposa lam'kati galimoto ikamakhota. Koma difu wamba ili ndi chilema: tayala limodzi likayamba kuterereka, linzake lomwe laponda pouma nalonso limasowa mphamvu. Choncho tayala limodzi lakutsogolo ndi limodzi lakumbuyo akaterereka nthawi imodzi, 4x4 yonse imagwira njakata.

Mankhwala a vutoli ndi difu yotchedwa limited slip, kapena LSD mwachidule. Zambiri mwa izi zili ndi timbale ta klatchi tomwe timaletsa tayala limodzi kuzungulira lokha mopyola muyezo, motero mphamvu ina imapita ku tayala lomwe lagwira pansi. Luso limeneli linayambira ku mipikisano ya galimoto. M'chaka cha 1935, kampani ya ZF ya ku Germany inapanga difu yotere Ferdinand Porsche atapempha, ndipo galimoto zaliwiro monga Subaru Impreza WRX ndi Mitsubishi Lancer Evolution zinatchuka chifukwa chodalira lusoli potuluka pakona.

Komabe LSD imasintha khalidwe la galimoto. Pa phula lonyowa, monga m'makona a msewu wa M18 wodutsa m'nkhalango ya Nkhotakota kupita ku Kasungu, dalaivala akaponda moto mwamphamvu ali pakona, matayala onse akumbuyo akhoza kuterereka pamodzi, kumbuyo kwa galimoto n'kutaya. Pikapu yopanda katundu ndiye imataya msanga. Ikakhala ya matola, apa nkhani ndi ya miyoyo ya anthu. Dalaivala wanzeru amachepetsa liwiro asanalowe pakona, n'kuponda moto pang'onopang'ono potuluka.

N'chifukwa chake wogula Toyota Hilux kapena Land Cruiser yogwirapo kale ntchito sayenera kukomedwa ndi utoto komanso zilembo. Kuyesa kwake n'kosavuta. Makaniko atchinge matayala akutsogolo, akweze akumbuyo onse ndi jeke, giya ili pa nyutulo, kenaka azungulize limodzi ndi manja. Linzake likazungulira mbali yomweyo, ndiye kuti muli LSD yamoyo. Likazungulira chobwerera, ndi difu wamba kapena timbale tinatha.

Kusamala kwake nakonso n'kofunika. LSD ya timbale imafuna oyilo wakewake, ndipo wamba amaichititsa phokoso pokhota. Kuika matayala osiyana kukula kumbuyo kumadya timbale tija msanga.

Mabanja ambiri amagulitsa mpunga, nsomba ngakhale ng'ombe kuti apeze galimoto yochitira geni. Ndalama zoterezi siziyenera kuthera pa chikomekome cha mkuyu. Wogulitsa amene akukana kuti makaniko akweze galimoto pa jeke ali n'chomwe akubisa.