Mutu ukamawawa, funsaninso za mumtima

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani imene timangoinong'ona pa maliro, ya abale athu amene akudzipha.

Kuno kwa Kabwazi tikamva uthenga wotere timagwira pakamwa n'kumati, "Komatu dzulo lomweli tinali naye." Chimene sitiganizira n'chakuti ambiri mwa anthuwa amakhala atapitako kuchipatala. Mu 2002 akatswiri a ku America atasonkhanitsa kafukufuku wa m'maiko olemera, anapeza kuti pafupifupi anthu 45 mwa 100 alionse odzipha anali ataonana ndi dokotala wa matenda wamba m'mwezi wao womaliza. Kumeneko n'kutali, koma phunziro lake ndi lathu lomwe: munthuyo amadutsa m'manja mwathu.

Vuto n'lakuti safika n'kunena kuti watopa ndi moyo. Amati mutu ukuwawa, mtima ukuthamanga, tulo sakuona, thupi lonse likuphwanya. Amuyeza malungo, osapezeka. Alandira panado, nabwerera kwao ndi katundu wake yense: ngongole ya feteleza, katapila, banja logwedezeka, kapena matenda amene akuchita nawo manyazi.

Sindikunyoza achipatala ayi. Mzere umakhala wautali, ogwira ntchito ndi ochepa. Pempho langa ndi laling'ono. Munthu akabwera kawiri katatu ndi dandaulo lomwelo koma matenda osaoneka, mufunseni poyera: "Kodi mumtimamu muli bwanji? Munayamba mwaganizapo zodzipha?" Ena amaopa kuti funso lotere limuika maganizo oipa. Akatswiri anafufuza ndipo anapeza kuti sizitero. Ambiri amapepukidwa poona kuti wina wawafunsa. Kukhumudwa kopitirira ndi matenda, ndipo amachizika ndi uphungu komanso mankhwala.

Tisanamizane kuti thandizo lili ku Zomba Mental Hospital kokha, kapena ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Mlimi wa mbatata wa kuno angaipeze kuti ndalama ya ulendo umenewo? Thandizo loyamba liyenera kupezeka pafupi. Ku Harare, Dr Dixon Chibanda anaphunzitsa agogo aakazi kukhala pa benchi panja pa chipatala n'kumamvetsera anthu a nkhawa. Ntchitoyi amaitcha Friendship Bench, ndipo kafukufuku wa mu 2016 anaonetsa kuti odwala ambiri anapeza bwino. Nanga ife tilibe agogo, alangizi a zaumoyo ndi amayi a mvano amene angaphunzitsidwe?

Kwa inu abusa, ansembe ndi mashehe, ndinu amene anthu amakuululirani zakukhosi. Mkhristu kapena Msilamu akati moyo wamukwana, musafulumire kumudzudzula kuti chikhulupiriro chake n'chochepa. Mumvetsereni mpaka amalize, pempherani naye, kenaka mumuperekeze kuchipatala. Pemphero ndi mankhwala sizilimbana. Ndipo pa gome lekani kutchula nkhaniyi pokhapokha pali maliro.

Ife akumudzi tilinso ndi mbali yathu. Tinazolowera kunena kuti mwamuna salira, chonsecho malipoti a apolisi amaonetsa kuti ochuluka mwa odzipha m'dziko muno ndi amuna. Mnzanu akayamba kudzipatula, kugawa katundu wake, kapena kuyankhula ngati akutsanzika, musati ndi nthabwala za kumowa. Musamusiye yekha. Mankhwala a kumunda ndi a m'nkhokwe muwachotse, akasungidwe kwa mbale. Maganizo amenewa amabwera mwamphamvu koma amadutsa, ndipo amene waonedwa bwino usiku umodzi woipawo nthawi zambiri amakhala ndi moyo zaka zambiri.

Kwa inu amene mukuwerenga kalatayi mtima uli wolemera, musadikire kufunsidwa. Mukafika kwa adokotala nenani zonse, osati za mutu zokha. Akuluakulu anati mukabisa matenda maliro tidzamva. Ife tikufuna timve matendawo.

Wokhudzidwa,
Kabwazi, Dedza.