ZA ALIMI: MFUTI YOPHONYA SIINALODZEDWE

Alimi anzanga a kwa Nsamala, chimanga chikayamba kukhwima nguluwe ndi anyani salephera kulowa m'minda. Nyengo imeneyi ndi imene eni mfuti za chiphaso amadandaula kuti mfuti yawo lero yalasa, mawa yaphonya. Ena amati yalodzedwa. Iyayi, abale. Chophonyetsa chimakhala mwa mwini wake, mu mfuti, kapena m'zipolopolo. Yesani chimodzi chimodzi ndipo mudzachipeza.

Sankhani malo akutali ndi mudzi ndi njira, pamene pali chulu chachikulu choti chigwire chipolopolo. Imikani thabwa patsogolo pa chulucho ndi kulembapo kadontho ndi khala. Bwererani mamita 50, gonani chafufumimba, tsamiritsani mfuti pa thumba la mchenga, ndipo ombani katatu mukuloza kadontho komweko.

Zipolopolo zikalasa pamodzi koma pambali pa kadontho, dzanja lanu lili bwino. Tizitsulo toyang'anira ta pamwamba pa mfuti ndi timene tasuntha, ndipo tifunika kukonza. Zikabalalika, itanani mnzanu wa chiphaso wodziwa kuomba kuti ayese nayenso. Zake zikalasa pamodzi, mlandu ndi wanu.

Nthenda ya ambiri ndi kuopa kugunda kwa mfuti paphewa. Kuti muione, mnzanuyo azikupatsani mfuti inu osadziwa ngati waikamo chipolopolo kapena ayi, ndipo nthawi zonse iloze kuchulu. Mukakoka ilibe kanthu, mpope n'kugwedera, maso n'kutsinzina, nthenda ndi imeneyo. Mankhwala ake ndi awa: kanikizani tako la mfuti paphewa zolimba; tsaya likhale pamalo amodzi nthawi zonse; tulutsani mpweya pang'ono ndi kuyamba mwaleka kupuma; finyani kachitsulo koombera pang'onopang'ono, osati kutsomphola; ndipo ikalira musafulumire kudzutsa mutu.

Zipolopolo zikabalalika kwa nonse awiri, onani mfuti. Tulutsani chipolopolo poyamba. Mangani masikulu amene akhwepa. Suzumirani mumpope, pakuti chinyezi cha dzinja chimabala dzimbiri, ndipo mavu amamangamo nyumba zawo za dothi. Mpope wotsekeka ukhoza kuphulika ndi kuchotsa zala. Utsukeni, muupake mafuta pang'ono, ndipo muwapukute musanaombe. Musasakanize zipolopolo za mitundu iwiri, ndipo muzisunge pouma, potsekera, kumene ana safika.

Kuphonya sikutaya ndalama kokha. Nguluwe yovulala imatembenukira munthu, ndipo chipolopolo chophonya chimapita kutali, mwina kumunda kumene mwana wa mnzanu akuingitsa anyani. Musaombe chinthu chimene simukuchiona bwino.

Pomaliza kumbukirani lamulo. Mfuti iliyonse, ngakhale ya gogodera, ifunika chiphaso. Funsani kupolisi ku Balaka. Nkhalango ya Liwonde inakhazikitsidwa mu 1973, ndipo bungwe la African Parks linayamba kuiyang'anira mu 2015. M'menemo simuombedwa nyama. Lamulo la nyama zakutchire linakonzedwanso mu 2017, ndipo wopha nyama yotetezedwa kwambiri monga njovu akhoza kukhala m'ndende mpaka zaka 30. Njovu kapena mvuu ikalowa m'munda mwanu, musatenge mfuti. Uzani a mfumu ndi alonda a nyama msanga.